Bokosi la Mafunso: Anamwa madzi amodzi, wadwala mmodzi

Makalata a mwezi uno anachuluka, koma ndasankhapo atatu. Eni ake sadziwana, wina ali ku Glen View, wina ku Mbare, wina ku Mabvuku, komabe nditawawerenga ndinaona kuti onse akufunsa za chinthu chimodzi: mmene thupi lathu limalimbanirana ndi tizilombo totchedwa mabakiteriya.

*Zikomo mayi. Ndili ndi ana awiri aamuna, wa zaka 9 ndi wa zaka 6. Amatunga pa mjigo umodzi, amamwera mumgomo umodzi, nsima amadyera mbale imodzi. Mu Januwale wamkuluyo anadwala taifodi mpaka anagonekedwa masiku 8, koma wamng'onoyo sanamve ngakhale mutu. Apongozi anga akuti si matenda wamba amenewa, pali dzanja la munthu. Anamwino anandiuza kuti thupi lili ndi mankhwala akeake ophera tizilombo. Ngati alipodi, analekeranji kugwira ntchito mwa mwana wanga? Kodi magazi ake ndi ofooka?*
*Mayi wa ku Glen View*

Mayi, ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu kuti mwanayo anatuluka m'chipatala akuyenda ndi miyendo yake. Ine ndinagwira ntchito zaka 31 mu labotale ya chipatala china muno mu Harare, ndipo mabotolo a magazi a ana odwala taifodi amene anadutsa m'manja mwanga sindingawawerenge. Ena zotsatira zake zinkatuluka mwini wake atatisiya kale.

Anamwino aja sanakunamizeni. Thupi limapangadi timapuloteni tating'ono kwambiri topha mabakiteriya. Asayansi amatitchula kuti antimicrobial peptides, koma ine pano ndizingoti timikondo, chifukwa ntchito yake ndi kubaya. Timikondoti timapezeka m'thukuta, m'malovu, m'mamina, pakhungu, m'matumbo. Ka m'thukuta dzina lake dermcidin, ta m'malovu ndi histatin. M'matumbo aang'ono muli maselo otchedwa Paneth, amakhala pansi pa timaenje ta m'khoma la matumbomo n'kumalavula ma defensin, mtundu wina wa timikondoti. Maselo oyera a magazi, aja timawatcha asilikali a m'thupi, amayenda atanyamula ma defensin awoawo pamodzi ndi kamkondo kena kotchuka, LL-37. Dzinalo lisakuopseni. Kamkondoka kali ngati mkanda wa timikanda 37, ndipo timikanda tiwiri toyambirira ndi ta mtundu umodzi umene amaulemba ndi chilembo L.

Kaphedwe kake n'kosavuta kumva kwa munthu amene anaikapo batire mu tochi. Batire ili ndi mbali ya pulasi ndi ya mainasi, ndipo zosiyanazi zimakokana. Khungu la bakiteriya ndi la mainasi, timikondo tathu ndi ta pulasi. Ndiye timakokeka tokha, kukamatirira pa bakiteriya uja, kulowerera m'khungu lake ndi kuliboola. Zam'kati zimatayika ngati ufa m'thumba lodyedwa ndi makoswe. Maselo athu enieni kunja kwake kulibe mainasi wambiri chotero, n'chifukwa chake timikondoti timawalambalala. Zimenezi zikuchitika mwa inu panopa mukuwerenga, ndiponso zinkachitika mwa mwana wanu wamkulu tsiku limene anamwa madzi aja.

Vuto lili apa: bakiteriya si mwala woti ungokhala phee uku ukubayidwa. Amamva.

Bambo anga malemu anachokera ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 kudzafuna ntchito kuno kukali kutchedwa Salisbury, ndipo madzulo ku Mufakose ankakonda kutisimbira zosaka mbewa. Ankati ukafukiza utsi ku una, mbewa yopusa imafera momwemo, koma yochenjera ikangonunkhiza imatseka njira ndi dothi n'kuthawira kuna kwina. Utsi womwe umayenera kuipha ndi umene umaiuza kuti mlenje wafika. Nditayamba kuwerenga za bakiteriya wa Salmonella, amene m'banja mwake ndi mochokera taifodi, ndinakumbukira mawu a bambo anga amenewa, chifukwa ndi ndendende.

Salmonella ali ndi makungu awiri, lakunja ndi lam'kati. Pa khungu lam'katilo pamakhala puloteni ina yotchedwa PhoQ, mutu wake uli kunja, mchira uli m'kati. Imeneyi ndiye mphuno yake. Zinthu zikakhala bwinobwino, mutu uja umagwiridwa pa khungu ndi timchere ta magnesium, ngati chitseko chimene mwachitsamiritsa ndi mwala. Kamkondo kathu kakafika, poti nakonso ndi ka pulasi ngati magnesium yemweyo, kamakankha timchere tija n'kukhala pamalo pake. Mwala wachoka, chitseko chasuntha. PhoQ imapinda thupi, mchira wake m'katimo umapatsira kachizindikiro kwa mnzake wotchedwa PhoP, ndipo PhoP amapita pa DNA, pamene panalembedwa malangizo onse a moyo wa bakiteriyayo, kukatsegula malangizo ambirimbiri amene anali otseka. Zoti PhoQ imamva timikondo mwa njira imeneyi anazionetsa mu 2005 asayansi a ku Seattle ku America, motsogoleredwa ndi Samuel Miller.

Malangizo aja akatseguka, bakiteriya amayamba kusintha zovala. Pa mafuta a khungu lake lakunja amamatapo kashuga kena ka pulasi ndi tinthu tina tophimba mainasi uja, kuti timikondo tisakokekenso. Amawonjezerapo chingwe china cha mafuta kuti khungulo lithinane, lisabooke msanga. Amatulutsanso puloteni yotchedwa PgtE, imene imakhala pakhomo ngati lumo, n'kumadula timikondo tina tisanafike patali. Zonsezi si za mibadwo ayi. Bakiteriya yemweyo amene analowa ali wosavala, pakapita kanthawi amakhala atavala.

Ndipo chimene chinandizizimutsa kwambiri ine ndi ichi. PhoQ simva timikondo tokha. Imamvanso malo akakhala owawasa, ndiponso magnesium akachepa. Zinthu zitatuzi zimapezeka pamodzi malo amodzi odziwika: m'mimba mwa msilikali wathu amene ntchito yake ndi kumeza mabakiteriya, uja amamutcha macrophage. Msilikali akameza Salmonella amamutsekera m'kathumba, n'kuthiramo asidi ndi timikondo kuti afe. Koma kwa Salmonella zimenezo ndi uthenga wakuti wafika pamene amapafuna. Amavala, amakhazikika, amaswana m'kati mwa msilikali yemweyo, ndipo msilikaliyo ndi amene amamunyamula kupita naye ku chiwindi, ku kapamba ndi ku mafuta a m'mafupa. N'chifukwa chake taifodi sagwira munthu tsiku lomwelo. Pamapita sabata imodzi kapena ziwiri, nthawi zina kuposerapo, mwana akusewera bwinobwino, kenako thupi n'kuyamba kutentha, tsiku lililonse kuposa dzulo lake. Kale mu 1989 asayansi anaona kuti Salmonella wochotsedwa PhoP satha kudwalitsa mbewa za mu labotale. Mukam'dula mphuno, asilikali amam'gonjetsa.

Tsono bwanji wamkulu yekha? Sindinaone ana anuwo, koma pali zinthu zitatu zimene zimasiyanitsa ana a nyumba imodzi, ndipo palibe mwa izo chimene chikufuna dzanja la munthu.

Choyamba ndi chachikulu ndi kuchuluka kwa tizilombo tolowa. M'zaka za m'ma 1960 ku Maryland ku America madokotala anamwetsa anthu akuluakulu mabakiteriya a taifodi owerengedwa. Amene anamwa 1,000 palibe anadwala. Amene anamwa 100,000 anadwala oposa pang'ono mmodzi mwa anayi alionse. Amene anamwa biliyoni anadwala pafupifupi onse. Taonani bwino gulu lapakatilo: anthu anamwa zofanana ndendende, koma ambiri osadwala. Tizilombo tikalowa tochepa, asidi wa m'mimba ndi timikondo zimatimaliza tisanavale. Tikalowa tochuluka, tina timapulumuka nthawi yokwanira kuti tinunkhize utsi. Ndipo madzi a mumgomo umodzi si ofanana tsiku lililonse. Komanso mwana wa zaka 9 amayenda. Amamwa kusukulu, kwa anzake, amagula mafirizesi ndi mango osenda kale pamsewu. Simungalumbire kuti zonse zimene zinalowa m'kamwa mwake zinalowanso mwa mng'ono wake.

Chachiwiri ndi mmene m'mimba munalili tsikulo, chifukwa asidi wa m'chifu sakhala wamphamvu mofanana nthawi zonse. Chachitatu ndi katemera. Kafufuzeni makadi a ana onse awiri. Mu 2019 muno mu Harare munaperekedwa katemera watsopano wa taifodi m'madera amene matendawa anavuta, mu 2021 anaperekedwa dziko lonse, ndipo kuyambira pamenepo ana amam'landira ku sikelo ali ndi miyezi 9. N'kutheka kuti mmodzi anabayidwa, wina anaphonya. Katemerayu anayesedwa kwathu komwe, pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa mu Blantyre kuyambira mu 2018, ndipo anateteza pafupifupi 8 mwa 10 alionse. Amaphunzitsa thupi kuzindikira chofunda chakunja cha bakiteriya wa taifodi, chotchedwa Vi, kuti agwidwe msanga.

Poti ndatchula Blantyre, ndikuuzeniko nkhani ina imene imandikhudza. Kumeneko kuli msuweni wake wa taifodi, mtundu wa Salmonella wotchedwa ST313, umene umalowa m'magazi mwa ana aang'ono odwala malungo kapena onyentchera, ndi mwa akuluakulu amene chitetezo chawo chatsika. Bakiteriya mmodzi wa mtunduwu anatengedwa m'magazi a mwana ku Blantyre mu 2004, ndipo mpaka lero amasungidwa ndi kuphunziridwa m'malabotale a mayiko ambiri. Mu 2018 asayansi a ku Liverpool anapeza kuti pa DNA yake panasintha chilembo chimodzi chokha pa malo olamula lumo lija la PgtE, ndipo chifukwa cha chilembo chimenecho amapanga malumo ochuluka, amene amadulanso zida zina za m'magazi athu. Chilembo chimodzi, mayi. Ndikaganiza za mwana ameneyo, amene dzina lake sitilidziwa, ndimamva chisoni ndi ulemu pamodzi.

Kwa apongozi anu musakalimbane nawo, akulankhula chifukwa amam'konda mdzukulu wawo. Mukangowauza kuti bakiteriya wa taifodi sakhala mwa galu, nkhuku kapena ng'ombe, amakhala mwa munthu yekha, ndipo amatuluka ndi chimbudzi. Dzanja la munthu lilipodi, koma ndi dzanja losasamba, kapena paipi ya suweji yophulika imene yadonthezera pansi pafupi ndi mjigo. Ife a ku Glen View, Budiriro, Mbare, Kuwadzana ndi Dzivarasekwa tinaziona ndi maso. Madzi a pa mjigo amaoneka oyera, koma muziwawiritsa kapena kuthiramo mankhwala a klorini nthawi zonse, ndipo potunga mumgomo muzikhala ndi kapu imodzi yachogwirira yosamwera. Chinanso: anthu ochepa mwa ochira taifodi amasunga bakiteriyayu m'ndulu kwa nthawi yaitali iwo osadwala. Choncho mwana wanu akapitenso kuchipatala tsiku limene anamuuza, ndipo kutentha thupi kukabwerera musagule mapiritsi pamsika. Mabakiteriya ena a taifodi muno mu Harare anasiya kumva ciprofloxacin, ndipo ndi labotale yokha imene ingadziwe mankhwala oyenera. Magazi a mwana wanu si ofooka. Akanakhala ofooka, masiku 8 aja sakanawapirira.

*Ndimakankha ngolo ku Mbare Musika. Chaka chino chokha ndatuluka zithupsa kanayi, m'khwapa ndi m'ntchafu. Agogo anga a ku Ntcheu ankati bala ukalinyambita limapola msanga, galu ndiye mboni. Mnzanga akuti ndizitsegula kapisozi wa amoxicillin n'kuthira ufa wake pachilonda. Ndimvere uti?*
*Bambo wa ku Mbare*

Bambo, musamvere aliyense mwa awiriwa, ngakhale kuti agogo anu anayandikira choonadi kuposa mnzanuyo.

M'malovu mulidi mankhwala. Muli histatin uja ndatchula pamwambapa, muli ma defensin, mulinso lysozyme, amene Alexander Fleming anam'peza m'mamina ake omwe atagwidwa chimfine n'kulengeza mu 1922, kukali zaka 6 kuti apeze penicillin. Ndiye agogo sanalote. Koma m'kamwa mwa munthu mulinso mitundu mazanamazana ya mabakiteriya amene anazolowera malovuwo kalekale. Ife ku labotale bala lolumidwa ndi munthu tinkaliopa kwambiri, makamaka la pa nkhonya munthu akamenya mnzake pa mano. Sopo ndi madzi oyera oyenda ndi zimene zimatsuka bala.

Zithupsa zambiri zimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus. Pa mbale ya mu labotale amamera timadontho tachikasu ngati golide, ndipo pa maikulosikopu amaoneka ngati phava la mphesa. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amayenda naye m'mphuno osadwala. Ameneyu ndi mnansi wathu wakalekale, ndiye timikondo ta pakhungu amatidziwa bwino. Nayenso ali ndi mphuno yake, ena amaitcha GraS, ena ApsS, ndipo inayamba kudziwika mu 2007. Kambali kake kotulukira kunja n'kakafupi kwambiri, ka mainasi, kongokwanira kukodza kamkondo kodutsa. Ikangokodza, bakiteriya amayamba kumata tinthu ta pulasi pa khoma lake ndi pa mafuta a khungu lake, alanine apa, lysine apo, mpaka timikondo tizingoterereka. Alinso ndi lumo lake lotchedwa aureolysin lodulira LL-37. Mafinya amene mumawaona ndi asilikali anu amene anafera pankhondo imeneyo, osakanikirana ndi adani amoyo. Ndiye mukafinya ndi zala, n'kupukutira pa thaulo limene mawa mupukutire m'khwapa, mukudzala nokha chithupsa chotsatira.

Ntchito yanu ikuthandiziranso. Thukuta, kukhulana kwa zovala ndi lezala lometera m'khwapa zimang'amba khungu ming'alu yosaoneka, ndipo bakiteriya amalowera pa tsinde la tsitsi. Siyani kaye kumeta pamalopo, thaulo ndi lezala zikhale zanu zokha, zovala muzichapa ndi kuyanika padzuwa. Chithupsa muzichithowa ndi kansalu ka madzi ofunda, chikakula akachitumbule kuchipatala. Cha pamphuno kapena pa mlomo wapamwamba musachifinye ngakhale pang'ono, chifukwa mitsempha ya pamenepo imalumikizana ndi ya m'kati mwa mutu.

Za kapisozi zisiyeni. Ambiri mwa mabakiteriya a mtundu umenewu amapanga puloteni yophwanya amoxicillin, ndiye mungotaya ndalama uku mukuipitsa chilonda. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse ndi chakuti mukayezetse shuga ndi HIV. Zithupsa kanayi chaka chimodzi nthawi zina ndi thupi likukuuzani kuti asilikali ake pali chimene chikuwalemetsa, ndipo zonse ziwirizi zili ndi chithandizo.

Poti muli ndi ana kunyumba, monga mwanenera kumapeto kwa kalata yanu imene ndaifupikitsa, ndiwonjezere mawu amodzi. Bakiteriya wa zilonda zapakhosi, Streptococcus wa gulu A, iye anapitirira apa. Mphuno yake, yotchedwa CovS, ikamva LL-37 pang'ono chabe, sikuti amangobisala. Amakulitsa chofunda chake choterera n'kuchulukitsa zida zomenyera asilikali athu. Mwana akadandaula kukhosi, thupi likutentha koma osatsokomola, pitani naye kuchipatala. Zilonda zimenezo zikalekereredwa zimatha kudzawononga zitseko za mtima patapita zaka, pamene penicillin wamba akanazithetsa.

*Ndili Fomu 6 ndipo ndikufuna kudzaphunzira za mankhwala. Aphunzitsi athu anatiuza kuti pakhungu la chule pali zinthu zopha mabakiteriya. Nanga bwanji sangopanga majekeseni ake, poti akuti mankhwala akale akusiya kugwira ntchito?*
*Mtsikana wa ku Mabvuku*

Mwanangu, kalata yako yandisangalatsa, ndipo Chichewa chako n'chabwino kuposa cha adzukulu anga. Funso lako anthu akhala akulimbana nalo kwa zaka pafupifupi 40.

Chule amene aphunzitsi ako akunena ndi wa kuno kwathu kumwera kwa Africa, dzina lake Xenopus laevis. Mu 1987 Michael Zasloff wa ku America anafotokoza zimene anaona: achule amene ankawang'amba pamimba pa kafukufuku wina, akawasoka n'kuwabwezera m'madzi akuda odzaza mabakiteriya, mabala awo ankapola osatukusira. Atafufuza pakhungu lawo anapeza timikondo, n'kutitcha magainin, kuchokera ku liwu la Chiheberi lotanthauza chishango. Iye asanatero, mu 1981, Hans Boman ndi anzake ku Sweden anali atapeza kale tina m'gulugufe wina wamkulu wouluka usiku.

Anayesadi kupanga mankhwala. Mafuta odzola otchedwa pexiganan, opangidwa motengera magainin, anawayesa pa zilonda za kumapazi za anthu a shuga, koma mu 1999 bungwe loona za mankhwala ku America linakana kuwavomereza, ndipo atawayesanso mu 2016 sanapose mafuta opanda mankhwala. Timikondoti tili ndi zovuta zake. Ukatimwa timagayidwa ngati nyama. M'magazi mchere ndi mapuloteni ena zimatifooketsa. Ukachulukitsa timayamba kuboola maselo a mwini wake. Kupanga kwake n'kodula.

Koma alipo mankhwala amodzi a mtundu womwewu amene ali kale m'zipatala. Dzina lake colistin, ndipo amapangidwa ndi bakiteriya wa m'dothi. Nayenso ndi wa pulasi, amamatirira pa mainasi yemwe uja. Anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1950, kenako madokotala anam'siya chifukwa amapweteka impso, ndipo am'bwerera masiku ano chifukwa chosowa pogwira, mankhwala ena onse akakanika. M'bale wake, polymyxin B, ndinam'gwira ndi manja anga. Tili pasukulu anatiphunzitsa kusiyanitsa mitundu iwiri ya kolera poika kapepala kozungulira konyowetsedwa ndi polymyxin B pa mbale. Kolera wakale ankafa mozungulira kapepalako, pamene wa El Tor ankamera mpaka kukakhudza. Nthawi imeneyo tinkangoloweza, osadziwa chifukwa chake. Pano zinadziwika kuti El Tor amamata kachinthu kotchedwa glycine pa mafuta a khungu lake, ndipo nayenso ali ndi mphuno yomuuza nthawi yochitira zimenezo. Mu 2008 ndi 2009, pamene kolera anadwalitsa anthu oposa 98,000 m'dziko muno n'kupha oposa 4,000, mbale zobiriwira zomera timadontho tachikasu zinkadzaza tebulo langa lonse, ndipo ndinkapita kunyumba manja akununkha klorini.

Tsopano mvetsera chimene chimandidetsa nkhawa. Mu 2015 asayansi a ku China analengeza kuti apeza malangizo otchedwa mcr-1 m'mabakiteriya a nkhumba, a nyama ya pamsika ndi a odwala. Malangizowa amachita zomwe zija, kuphimba mainasi, koma ali pa kachidutswa ka DNA kamene mabakiteriya amapatsirana ngati mmene timabwerekerana mchere. Pasanapite nthawi anapezeka m'mayiko ambiri, kuphatikizapo South Africa. Gwero lake linali lodziwika: colistin ankathiridwa m'zakudya za ziweto kuti zinenepe msanga, ndipo dziko la China linaletsa zimenezi mu 2017. Ngati kwanu mumaweta nkhuku zogulitsa kuseri kwa nyumba, monga timachitira ambirife, kawerenge mapaketi a ufa wothira m'madzi a anapiye. Ukapezapo mawu akuti colistin, uwafotokozere makolo ako kuti amenewo ndi mankhwala omaliza a munthu amene ali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, si opatsa nkhuku zosadwala.

Ndipo pali china. Mu labotale asayansi anakulitsa mabakiteriya mibadwo mazanamazana m'madzi okhala ndi pexiganan pang'onopang'ono, mpaka anasiya kumumva. Ena anapeza kuti Staphylococcus wozolowetsedwa chotero anayambanso kupirira defensin wina wa munthu. Penicillin akasiya kugwira, timasintha n'kupereka ena. Koma timikondo tathu tinabadwa nato, tilibe tosinthira. Ndiye ine maganizo anga ndi akuti aliyense wofuna kupanga mankhwala ofanana ndi ta m'thupi mwathu ayende mosamala kwambiri. Njira imene ndikuiona yanzeru ndi imene ena akuifufuza pano, yopeza mankhwala otseka mphuno ija, PhoQ kapena anzake, kuti bakiteriya alowe ali chimbulimbuli, asavale, timikondo tathu tim'malize tokha. Mankhwala oterowo sanafike m'chipatala. Ngati ukufuna ntchito yoti udzaigwire ukamaliza sukulu, imeneyo ikudikira.

Chuleyo ukhoza kumuona ndi maso ako, sali kutali ndi kwanu. Nthawi ya dzinja ukayang'ane m'madamu ndi m'zithaphwi za madzi odekha, cha ku Cleveland Dam kapena m'mbali mwa Mukuvisi, koma usapite wekha, ndipo usalowe m'madzimo ndi mapazi, kuli likodzo. Sakonda kutuluka kumtunda. Ndi wophwatalala, maso ali pamwamba pa mutu, ndipo pa phazi lililonse lakumbuyo ali ndi zikhadabo zitatu zakuda. Ukam'gwira ndi kaukonde uona mmene amatererera ngati sopo wonyowa. Magainin amachokera m'timatumba ta pakhungu loterera lomwelo. Ukam'yang'anitsitsa um'bwezere m'madzi, usambe m'manja, kenako undilembere zimene waona.